Freddie Mercury: wogulitsa kaunjika amene anagwedeza Wembley

Anzanga amadabwa kuti munthu wa imvi ngati ine, wokulira pa nyimbo za Allan Namoko ndi Daniel Kachamba, ndimasungiranji matepi a gulu la ku Britain la Queen. Yankho lake n'lakuti anyamata amenewa ndinawaona ndi maso angawa. Linali Loweruka pa 12 Julaye 1986, m'bwalo lakale la Wembley ku London, kumene ndinali pa maphunziro. Mnzanga wina ndiye anachita kundikoka, ine ndikukana kuti nyimbo za rock ndi phokoso chabe la zitini.

Titalowa, anthu anali piringupiringu, oposa 70,000, malo oponda phazi osaoneka. Dzuwa litapendeka kunatulukira mkulu wina wa ndevu za kumtunda kwa mlomo, mano akutsogolo otuluka pang'ono, atavala jekete yachikasu, m'manja atagwira maikolofoni ya pa kachitsulo kodukiza. Pakati pa dansi anaimitsa zing'wenyeng'wenye zonse, n'kuyamba kuponya mawu yekha, khamu lonse likumuvomera. Iye akakweza, ife kukweza. Akatsitsa, ife kutsitsa. Thupi langa linachita tsemwe. Ndinakumbuka amayi a kumudzi pa mtondo, mmodzi kuyambitsa nyimbo, ena onse kulandira. Ndinadzifunsa kuti kodi mzungu ameneyu waphunzira kuti zimenezi?

Patapita zaka ndipamene ndinadziwa kuti sanali mzungu monga ndinkaganizira. Freddie Mercury anabadwira ku Africa konkuno, pa chilumba cha Zanzibar, pa 5 Sepitembala 1946, ndipo dzina lake lenileni linali Farrokh Bulsara. Makolo ake, a Bomi ndi a Jer Bulsara, anali amwenye a mtundu wa Parsi, ndipo bambowo ankagwira ntchito yosunga ndalama m'boma la atsamunda. Ali ndi zaka 8 anamutumiza ku sukulu yogonera konko ya St Peter's ku Panchgani m'dziko la India. Kumeneko ndiko anayamba kutchedwa Freddie, ndipo ali ndi zaka 12 ankaimba piyano m'kagulu ka ana asukulu kotchedwa The Hectics.

M'chaka cha 1964, chaka chomwe ife kuno tinkalandira ufulu, ku Zanzibar kunabuka chipwirikiti, mfumu ya Aluya n'kugwetsedwa, anthu ambiri n'kuphedwa. Banja la a Bulsara linathawira ku England, kukakhala ku Feltham, kufupi ndi bwalo la ndege la Heathrow. Mnyamata uja anafika kumeneko ali ndi zaka 17, mlendo wopanda dzina.

Apa ndipo ndikufuna a bizinesi a mu Limbe, ku Tsoka ndi ku Mzuzu mutchere khutu. Munthu ameneyu anagwirapo ganyu yonyamula zikwama za anthu pa Heathrow. Atatsiriza maphunziro a zojambulajambula pa Ealing Art College mu 1969, anatsegula benchi pa msika wa Kensington pamodzi ndi mnzake Roger Taylor, kugulitsa zovala zakale. Kunena mosapsatira mawu, anali wa kaunjika ngati inu nomwe. Masana kuitanira malonda, usiku kutsatira kagulu ka Smile, m'mene Taylor ankaimba ng'oma, Brian May gitala. Naye May gitala yake sanagule m'sitolo. Anachita kusema ndi bambo ake kunyumba, mtengo wina atautenga pa chimango cha malo akale othera moto. Ana athu opanga mabanjo a zigubu asamadzione ngati otsalira.

Woimba wa Smile atachoka mu 1970, Freddie analowa m'malo mwake, gululo n'kulitcha Queen, iyenso n'kutenga dzina la Mercury. John Deacon anadzalowa mu 1971 kudzaimba besi. Chimbale choyamba chinatuluka mu 1973, koma chimene chinawatsegulira dziko ndi nyimbo ya Bohemian Rhapsody ya mu 1975. Akuluakulu a malonda a nyimbo ankati njotalika kwambiri, pafupifupi mphindi 6, ndipo palibe wayilesi ingaiimbe. Anyamatawo anakana kuidula. Inakhala pa nambala wani ku Britain masabata 9. Mu 1977 anatulutsa We Will Rock You ndi We Are the Champions, zija mumazimva mpaka lero timu ikatenga chikho.

Koma mbiri ya munthu sitiwerenga tsamba loyera lokha. Mu Okutobala 1984 gulu la Queen linapita kukaimba ku Sun City, ku Bophuthatswana, m'nthawi ya tsankho ku South Africa, pamene bungwe la United Nations linali litapempha oimba onse kuti asapondeko. Nelson Mandela anali akadali m'ndende. Bungwe la oimba ku Britain linawalipiritsa chindapusa, ndipo maina awo analembedwa pa mndandanda wa ophwanya chiletsocho. Iwo ankadziteteza kuti amaimbira aliyense ndipo ndale sizikuwakhudza. Kwa ine amenewo ndi mawu a munthu amene wamva fungo la ndalama. Ife amene azibambo athu anakalowa pansi ku migodi ya ku Joni tikudziwa kuti tsankho silinali nkhani ya m'nyuzipepala. Banga limeneli silichoka, ngakhale ndimukonde bwanji.

Miyezi 9 yokha itadutsa, pa 13 Julaye 1985, kunachitika Live Aid, dansi yosonkhetsa ndalama zothandiza anthu ovutika ndi njala ku Ethiopia. Gulu lililonse linapatsidwa pafupifupi mphindi 20. Ena anabwera modalira dzina. A Queen anatsekeredwa masiku angapo akuyeserera, kudula nyimbo zawo kuti zikwane mu nthawiyo, kusankha zokhazo zimene aliyense angavomere. Wamalonda aliyense akuidziwa nzeru imeneyi: kasitomala ali ndi nthawi yochepa, yala katundu wabwino patsogolo. Pa magulu onse otchuka a tsiku limenelo, mphindi 21 za Queen ndizo anthu akukambabe.

Dansi imene ndinaonera ine inali ya chaka chotsatira. Kumapeto kwake Freddie anatulukira atavala chisoti chachifumu ndi mkanjo wofiira wokhwekhwereza pansi, bwalo lonse mfuu. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife ankadziwa kuti tikuona zotsiriza. Pa 9 Ogasiti 1986, ku Knebworth, anaimba pamaso pa anthu pafupifupi 120,000, ndipo sanaimbenso pa nsanja ndi gulu lake.

Mu 1987 madokotala anamupeza ndi Edzi. Anauza anthu ochepa okha: anzake a m'gulu, Jim Hutton amene ankakhala naye, ndi Mary Austin, chibwenzi chake chakale amene anadzamusiyira nyumba. Atolankhani anamuzinga pa geti, kumujambula akuonda, kulemba za moyo wake wa kuchipinda, iye osayankha kanthu. Ntchito yokha sanasiye. Chimbale cha Innuendo chinatuluka mu Febuluwale 1991, mwiniwake akulephera ngakhale kuima nthawi yaitali. Pa 23 Novembala 1991 anatulutsa chikalata chovomera matenda ake, ndipo m'mawa mwake, pa 24, anatisiya ali ndi zaka 45.

Nditamva uthengawo ndinali nditabwerera kuno kumudzi, kumene maliro anali atayamba kuchuluka koma dzina la matendawo lili losatchulika. Pa manda tinkangomva kuti malemu adwala nthawi yaitali. Ena ankadzudzula Freddie kuti anachedwa kuulula. Ine sindingamuponye mwala. Munthu wosaopa anthu 120,000 anaopa mawu amodzi, nanga ife tinaposa pamenepo? Kuno zinatengera mpaka 2004 kuti mtsogoleri wa dziko, a Bakili Muluzi, anene poyera kuti mchimwene wawo anamwalira ndi Edzi, chaka chomwenso ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma. Mankhwala amene Freddie ndi chuma chake chonse sanawapeze, lero mayi wogulitsa tomato akulandira osalipira ndi tambala yomwe.

Pa 20 Epulo 1992 anzake atatu aja anabwerera ku Wembley kukamukumbukira, ndipo ndalama zake zinayambitsa bungwe la Mercury Phoenix Trust lolimbana ndi Edzi. Bwalo lakale lija analigwetsa, pamalopo panamangidwa lina. Matepi anga nawo anayamba kutafunidwa. Koma kwa inu ophunzira amene mukumudziwa kudzera mu kanema wa mu 2018, ndikuti tengani zitatu: kulimbikira kwake mutsanzire, za ku Sun City muzikane, ndipo mantha ake musawalandire. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pitani mukayezetse.