CLEMENTS KADALIE: KALALIKI AMENE ANADZUTSA ANCHITO A M'MADOKO NDI M'MAPULAZI

Mwa anthu zikwizikwi amene anacoka ku Nyasaland, dziko limene tsopano ndi Malawi, kupita kumwera kukafuna nchito, ndi owerengeka okha amene dzina lao linamveka patali monga la a Clements Kadalie. Anzao ambiri anathera m'migodi ndi m'makhichini a Azungu, nasanduka machona. Koma iwo anatsogolera bungwe loyamba lalikulu la anchito akuda m'dziko la South Africa.

A Kadalie anabadwa m'caka ca 1896 m'mudzi wa Chifira, pafupi ndi mishoni ya Bandawe, m'mbali mwa nyanja. Anali Mtonga, mdzukulu wa Mfumu Chiweyu. Anaphunzira ku Livingstonia, pa sukulu ya amishoni a ku Scotland, ndipo anatsiriza maphunziro a uphunzitsi ali ndi zaka 16. Ataphunzitsa kanthawi kocepa, anauyamba ulendo m'caka ca 1915. Anagwirako nchito ya ukalaliki ku Mozambique ndi pa migodi ya ku Southern Rhodesia, mpaka anafika ku Cape Town m'caka ca 1918.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali kutha pa nthawiyo. Mitengo ya zakudya inali itakwera koposa, koma malipiro a anthu akuda anali pomwepo. Mothandizana ndi Mzungu wina wa ndale dzina lake A. F. Batty, a Kadalie anaitanitsa msonkhano wa anchito a pa doko mu Januwale 1919. Anthu 24 okha ndiwo analembetsa, ndipo anasankha a Kadalie kukhala mlembi. Ici ndico cinali ciyambi ca bungwe la Industrial and Commercial Workers' Union, limene linadziwika ndi dzina lalifupi la ICU.

Mu Disembala caka comweco anchito a pa doko oposa 2,000 ananyanyala nchito kwa masabata awiri. Anali kufuna malipiro okwanira, ndiponso anali kukana kupakira cakudya m'sitima zopita kunja pamene anthu a m'dzikomo anali kulephera kugula. Boma linatumiza asilikali, ndipo kunyanyalako kunatha. Koma m'caka ca 1920 makampani a pa doko anabvomera kulipira masheleni 8 pa tsiku. Boma linalamula kuti a Kadalie apitikitsidwe m'dzikomo monga mlendo wobvuta, koma lamulolo linafafanizidwa. Caka comweco ku Port Elizabeth anthu oposa 20 anaomberedwa nafa pamene anasonkhana kufuna kuti mtsogoleri wa anchito, a Samuel Masabalala, atulutsidwe m'ndende.

Kwa zaka zingapo ICU inali bungwe la m'matauni. M'caka ca 1923 inayambitsa nyuzipepala yake yochedwa Workers' Herald, ndipo pambuyo pake likulu lake linasamukira ku Johannesburg. Kukula kwake kwenikweni kunadza m'zaka za 1926 ndi 1927, pamene mbiri yake inafika m'mapulazi a ku Natal, Orange Free State ndi Transvaal.

Cimene cinakokera anthu a m'mapulazi ku bungweli cinali nkhani ya malo. Lamulo la malo la caka ca 1913 linasiyira anthu akuda magawo 7 okha mwa magawo 100 a dziko lonselo, ndipo linawaletsa kugula malo kwina kulikonse. Mabanja ambiri anakhalabe pa nthaka ya makolo ao, imene tsopano inali pulazi la Mzungu. Kuti aloledwe kulima kamunda ndi kuweta ng'ombe zao, anali kugwirira mwini pulazi nchito miyezi itatu kapena kufikira isanu ndi umodzi pa caka, kawirikawiri popanda malipiro. Mkazi ndi ana omwe anali m'pangano lomwelo.

M'zaka zimenezo ulimi wa Azungu unali kusandulika malonda akulu. Boma linawapatsa ngongole ndi njanji, ndipo cimanga, ubweya wa nkhosa ndi makungwa a mitengo ya wattle zinali kupeza msika. Malo amene kale mwini pulazi sanali kuwasamala tsopano anakhala ndalama. Motero minda ya anchito inacepetsedwa, masiku a nchito anaonjezedwa, ndipo banja lokana kugulitsa ng'ombe zake linali kupitikitsidwa.

Anthu otere atamva za ICU anabwera m'cigulu, ena akuyenda mitunda yaitali pansi, kudzagula khadi lofiira la umembala. M'caka ca 1927 bungweli linanena kuti linali ndi mamembala 100,000. A Kadalie anali munthu wamtali ndi wodziwa kulankhula pa gulu. Popeza sanali kudziwa bwino Cizulu kapena Cisutu, anali kulankhula m'Cingelezi, wina namasulira. M'midzi munafala mphekesera yakuti tsiku likudza pamene mapulazi adzagawidwa kwa onse okhala ndi khadi lofiira.

Pamenepa ndipo panagona bvuto. Bungwe linayambidwa kuti lizikambirana za malipiro ndi makampani, koma unyinji wa mamembala ake tsopano unali kufuna nthaka. Anchito a pa doko akaleka nchito, sitima zimaima ndipo kampani imamva kuwawa tsiku lomwelo. Munthu wa pa pulazi akaleka nchito, amataya nyumba, munda ndi manda a makolo ake. Eni mapulazi anayamba kupitikitsa aliyense wopezeka ndi khadi, ndipo mabanja ambirimbiri anapezeka m'miseu ndi ziweto zao. Ku Greytown m'caka ca 1928 Azungu anatentha ofesi ya ICU. Bungweli linaononga ndalama zambiri polipira maloya, ndipo milandu ina linapambana, koma cikonzero cake cogulira anthu malo sicinapite patali.

M'kati mwa bungwe namonso munabuka mikangano. Mu Disembala 1926 mamembala a cipani ca Komyunisti anacotsedwa pa maudindo ao. M'caka ca 1927 a Kadalie anapita ku Ulaya, nakafika ku Geneva ndi ku Britain kukafuna cithandizo ca mabungwe a anchito a kumeneko. Pobwerako anapempha kuti ICU ilowe m'cigwirizano ca mabungwe a anchito oyera a ku South Africa, koma pempholo linakanidwa. Kasungidwe ka ndalama kanali kosalongosoka. M'caka ca 1928 a A. W. G. Champion, mtsogoleri wamphamvu wa ku Natal, anapatuka ndi nthambi yao yonse. Mlangizi wocokera ku Scotland, a William Ballinger, anafika caka comweco, koma sanamvane ndi a Kadalie, amene anatula pansi udindo kuciyambi kwa 1929. Madzi akatayika saoleka: anthu a m'mapulazi ataona kuti malo sakubwera, analeka kusonkha.

A Kadalie anayambitsa bungwe lina laling'ono, nakhazikika ku East London. Kumeneko mu Januwale 1930 anatsogolera kunyanyala nchito kwa anchito a pa njanji ndi pa doko, ndipo anamangidwa. Anakhala mu mzindawo kufikira imfa yao mu Novembala 1951. Buku la mbiri ya moyo wao, limene analemba okha, linasindikizidwa m'caka ca 1970.

ICU inagwa isanathe zaka khumi ndi ziwiri, ndipo sinabwezere anthu ngakhale pulazi limodzi. Komabe inasiya mbeu. Nthambi yake inamera ku Bulawayo pansi pa a Masotsha Ndlovu, ndipo nyuzipepala yake inali kuwerengedwa mobisa ku Nyasaland, kumene a Isa Macdonald Lawrence anamangidwa m'caka ca 1926 cifukwa coilowetsa m'dziko. Inaonetsa kuti munthu wolima pa pulazi la wina angathe kuimirira pamodzi ndi wonyamula matumba pa doko. Inaonetsanso kuti m'dziko la alimi, nkhani ya malipiro siingathe kulekanitsidwa ndi nkhani ya nthaka. Lamulo la malo la 1913 linakhalapo kufikira caka ca 1991, patapita zaka 40 a Kadalie ali m'manda.