Sir Malcolm Campbell: katswiri wa liwiro amene adagonja m'chipululu cha ku South Africa

Anthu amene amasunga mapositikhadi akale amachidziwa bwino chithunzi ichi: galimoto yaitali yosongoka kutsogolo itaima pamchenga, ndipo pambali pake pali bambo wina wovala zoyera. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, wailesi ya kanema isanafike m'makomo, makhadi otere ndiwo ankathandiza kufalitsa nkhope za akatswiri a liwiro. Galimotoyo ndi Blue Bird, ndipo mwini wake ndi Sir Malcolm Campbell, amene adapambana kasanu ndi kanayi pa mpikisano wa liwiro loposa onse la pamtunda. Koma makhadiwo sanena zambiri za ulendo umene udawavuta kwambiri, womwe udachitikira kuno kum'mwera kwa Afrika.

A Campbell adabadwa pa 11 Marichi 1885 ku Chislehurst, m'dziko la England. Bambo awo ankagulitsa miyala ya dayamondi, ndipo adawatumiza ku Germany kuti akaphunzire malondawo. Kumeneko mtima wawo udatengeka ndi njinga zamoto. Atabwerera kwawo adagwira ntchito ya inshuwalansi ku London, ndipo mu 1910 adayamba kupikisana pa bwalo la galimoto la Brooklands. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse adatumikira m'gulu la ndege la asilikali a Britain.

Mpikisano wa liwiro udali ndi lamulo lake. Woyendetsa ankayenera kuthamanga pamtunda woyezedwa kawiri, kupita ndi kubwerera, kuti mphepo isamukondere. Chinkafunika kwambiri ndi malo athyathyathya aatali. Mu Seputembala 1924, pagombe la Pendine ku Wales, a Campbell adafika makilomita 235 pa ola. Mu Febuluwale 1928 adafika 333 pagombe la Daytona ku America, koma patangopita miyezi iwiri Ray Keech adawaposa pang'ono.

Mchenga wa m'mbali mwa nyanja umasinthasintha ndi mafunde, choncho a Campbell adayamba kufunafuna nthaka youma ndi yolimba. Adasankha Verneukpan, chidambo chachikulu chouma m'chigawo chimene lero chimatchedwa Northern Cape. M'Chiafrikaans, mawu akuti verneuk amatanthauza kunamiza, ndipo malowo adachitadi monga mwa dzina lake.

Kuchokera kutali nthakayo inkaoneka yosalala, koma idali yodzaza ndi timiyala takuthwa tokhoza kung'amba matayala. Antchito ambiri a m'deralo adatha miyezi akutola, kusesa ndi kusalaza njirayo padzuwa lootcha, pamene madzi akumwa ankachita kutengedwa kutali. A Campbell adavulala pa ngozi ya ndege akuyendera malowo. Kenako kudagwa mvula m'dera limene siigwa kawirikawiri, n'kuononga ntchito yomwe idagwiridwa kale. Komanso malowo ndi okwera, mpweya wake ndi wopepuka, motero injini ya Napier, yomwe idapangidwira ndege, idachepa mphamvu.

Ali m'kati modikira, uthenga udafika wakuti Henry Segrave wafika makilomita 372 pa ola ku Daytona. Izi zidachitika pa 11 Marichi 1929, tsiku limene a Campbell ankakwanitsa zaka 44. Blue Bird sikadatha kufika pamenepo, komabe iwo sadalongedze katundu. Mu Epulo adathamanga n'kufika pafupifupi 350, ndipo adatenga ulemu wa dziko lonse pa mtunda wa makilomita 5 ndi wa mamailosi 5. Chachikulu chimene adadzera chidawapulumuka.

Kugonjaku kudawapatsa phunziro. Adaimanganso galimotoyo ndi injini yamphamvu kwambiri, ndipo mu Febuluwale 1931 adafika 396 ku Daytona. Mfumu George V idawapatsa ulemu wa Sir chaka chomwecho. Maganizo awo akuti nthaka youma imaposa gombe adatsimikizika pa 3 Seputembala 1935, pachidambo cha mchere cha Bonneville ku Utah, pomwe adakhala munthu woyamba kupyola mamailosi 300 pa ola pagalimoto, omwe ndi makilomita oposa 480. Pa liwiro limenelo, ulendo wochokera ku Harare kukafika ku Shamva ungatenge mphindi 11 zokha. M'zaka zomwezo, anthu a ku Nyasaland ankayenda pansi kwa milungu ingapo, kudzera ku Tete, kuti akapeze ntchito kumgodi ndi m'mapulazi a ku Shamva.

Atatero adatembenukira ku liwiro la pamadzi, ndipo mu Ogasiti 1939 adafika makilomita 228 pa ola panyanja ya Coniston. Anzawo ambiri a mpikisano adafa pangozi: Parry-Thomas ku Pendine mu 1927, Frank Lockhart ku Daytona mu 1928, ndi Segrave panyanja ya Windermere mu 1930. A Campbell adamwalira ndi matenda kunyumba kwawo ku Reigate pa 31 Disembala 1948. Mwana wawo Donald adatsata mapazi awo, ndipo adafera panyanja ya Coniston mu Januwale 1967.

Patapita zaka 90 chichitikire za ku Verneukpan, mu 2019, galimoto yotchedwa Bloodhound idapyola makilomita 1,000 pa ola pa Hakskeenpan, m'chigawo chomwecho cha Northern Cape. Njira yakenso idakonzedwa ndi anthu mazana a m'midzi yozungulira, amene adatola miyala ndi manja kwa zaka zingapo. Ulendo uno zithunzi zawo zidajambulidwa ndipo ntchito yawo idayamikiridwa poyera. Amene adasesera njira Blue Bird mu 1929 sadatchuke m'mapositikhadi, ngakhale kuti popanda manja awo galimotoyo sikadathamanga.