David Livingstone, Mlendo pa Matiriro a Luangwa

David Livingstone anabadwa pa 19 Marichi 1813 m'mudzi wa Blantyre, ku Scotland. Makolo ace anali osauka, ndipo atafika zaka 10 analowa nchito m'nyumba yopotera thonje. Anali kuyamba nchito 6 koloko mamawa, naweruka 8 koloko usiku, ndipo ataweruka anali kupita ku sukulu ya usiku. Atakula anaphunzira using'anga ndi Mau a Mulungu ku Glasgow, ndipo a misyoni ya London Missionary Society anamtuma kuno ku Africa. Anafika ku Cape Town m'caka ca 1841, napitirira ku Kuruman kwa mbusa Robert Moffat. M'caka ca 1844 mkango unamgwira ku Mabotsa, numthyola mkono wamanzere, ndipo caka cotsatira anakwatira Mary, mwana wa Moffat.

Anthu ambiri pokumbukira Livingstone amachula mitsinje ndi nyanja zimene iye anaziona. Koma tifunse funso lina: kodi munthu ameneyu anali kudya ciani m'njira, nanga anali kugona kwa yani? Cuma cace cinali cocepa ndithu, ndipo maiko amene anapitamo munalibe mbale wace ngakhale mmodzi.

M'caka ca 1853 anafika ku Linyanti kwa Sekeletu, mfumu ya Akololo, amene anali mnyamata ndithu. Sekeletu sanatembenuke kukhala Mkristu, komabe anampatsa amuna 27 omperekeza kufuna njira ya ku nyanja ya kumadzulo. Anafika ku Luanda pa 31 Meyi 1854, Livingstone atatsala mafupa okha-okha cifukwa ca malungo ndi kamwazi. Kumeneko Mngelezi wina, dzina lace Edmund Gabriel, amene sanaonane naye ndi kale lonse, anamgoneka pa kama wace, namdwazika kufikira atapeza bwino. Anthu a ngalawa za Angelezi anafuna kumtenga kunka naye kwao, koma iye anakana, pakuti analonjeza kubweza Akololo aja kwa mfumu yao. Anafikanso ku Linyanti m'mwezi wa Seputembala 1855.

Tsono anatsimikiza mtima kutsata Zambezi kunka kum'mawa. Sekeletu anampatsa amuna 114, ng'ombe 12, makasu ndi mikanda, namperekeza yekha masiku oyamba. Usiku wina mvula yamkuntho inawapeza pathengo, akatundu atatsogola ndi zopfunda. Livingstone anagona pansi ali kunjenjemera, ndipo mfumuyo inatenga gombeza lace nimpfunditsa, iyo nigona pamphepo. M'mwezi womwewo wa Novembala 1855 anaona mathithi a Mosi-oa-Tunya. Anapita pakati pa dziko la Atonga, kumene anthu anadza ndi cimanga ndi nshawa, natsikiranso ku Zambezi.

Inu a kwa Ndake ndi a ku Petauke muudziwa mtsinje wa Luangwa. Ukapita kumadzulo kwa Nyimba umatsikira kumwera, nukathira m'Zambezi pa malo amene kale anachedwa Feira, popenyana ndi Zumbo. Kumeneko ndi kwa Mburuma, mfumu ya Ansenga-Luzi, abale athu, ndipo ufumu umenewu ulipobe. Livingstone analowa m'dziko lace m'mwezi wa Januwale 1856, napeza kuti anthu a m'mbali mwa mtsinje ali ndi mantha akuru. Cifukwa cace cinali ici: Mtaliyana wina, dzina lace Simoens, anali atakwera mtsinjewo ndi akapolo ace 50 onyamula mfuti, nathira nkhondo pa zisumbu, nagwira anthu ndi kulanda minyanga. Pobwerera iye mafumu anagwirizana namupha. Tsono taonani, patapita nthawi pang'ono, Mzungu wina ali kudza ndi khamu la amuna acilendo oposa 100! Tisafulumire kuwaweruza anthuwo pakumkaikira. M'maso mwao anali mnzace wa wakuba anthu uja.

Ngakhale zinali tero, Mburuma anatumiza ufa ndi cimanga, napereka amuna awiri otsogolera alendowo kufikira pa dooko la Luangwa. Anafikapo pa 14 Januwale. Poyenda-yenda pamenepo Livingstone anapeza mabwinja a kacisi wamiyala wa ansembe akale, ndi belu losweka lili pansi. Madzulo ace mtima wace unabvutika kwambiri. Anaopa kuti adzaphedwa powoloka, ndi kuti zonse anaziona m'njira zidzatayika pamodzi naye, kotero kuti anaganiza zowoloka mobisika usiku. Koma atawerenga mau otsiriza a Uthenga wa Mateyu, pamene Yesu alonjeza kukhala ndi ophunzira ace masiku onse, anaona kuti kuthawa usiku nkwamanyazi. Anaturutsa zipangizo zace, nayesa nyenyezi monga anazolowera, nagona.

M'mawa mwace anthu a m'midzi yozungulira anasonkhana pa dooko atanyamula zida, ndipo akazi anawaletsa kufika pafupi. Anabwereka alendowo bwato limodzi lokha, ngakhale ena anali omangika pomwepo, ndipo mtsinjewo kutambalala kwace unali ngati theka la mailosi. Anayamba kuwolotsa akatundu kunka nao pa cisumbu ca pakati, kenaka ng'ombe ndi anthu. Livingstone anatsala pa gombe, amuna a zida ataima kumbuyo kwace. Anaturutsa wochi yace nawamvetsa kulira kwace, nawaonetsanso galasi loyatsira moto ndi dzuwa, ndipo anthu anaunjikana kudzapenya kufikira bwato lotsiriza. Palibe anaponya mubvi kapena mkondo. Anawayamika, nalowa m'bwato. Atsogoleri aja anawapatsa mpango ndi mikanda, natumiza nsaru yofiira kwa Mburuma, ndipo anabwerera kwao okondwa.

Atapitirira Zumbo, anthu anamcenjeza za mfumu Mpende, imene inali pa nkhondo ndi Apwitikizi ndipo siinali kulola Mzungu kupita. Pa 23 Januwale, dzuwa lili kuturuka, anthu a Mpende anafika pafupi ndi misasa ali kupfuula, nasonkha moto, naotchapo mankhwala acitsitsi kuti alendowo afoke manja. Amuna a zida anali kusonkhana kucokera ku mbali zonse, ndipo anyamata a Sekeletu nawonso anayamba kulakalaka nkhondo. Livingstone anapha ng'ombe kuti anthu ace adye, natenga mwendo umodzi napatsa azondi amene anali kuyendayenda pafupi, kuti akapereke kwa mfumu.

Patapita nthawi anafika akuluakulu awiri kudzafunsa mtundu wace. Anawayankha kuti ali Mngelezi, koma iwo mtunduwo sanaudziwe, namuyesa Mpwitikizi. Pamenepo anawaonetsa tsitsi lace ndi khungu la pa cifuwa, ndipo iwo anabvomera kuti khungu loyera cotero sanalionepo, nakumbukira mbiri imene anaimva ya mtundu wina wa Azungu wokonda anthu akuda. Mpende anakhala upo ndi nduna zace nthawi yaitali. Mmodzi mwa izo, Sindese Oalea, amene anaceza ndi alendowo dzulo lace, anawanenera zabwino. Akuru amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ndipo mau ofatsa ndiwo anapambana pa bwalo tsiku limenelo. Sekwebu, kapitao wa Akololo, atapita kukapempha bwato cifukwa ca mnzao wodwala, mfumu inadandaula kuti siinamdziwe msanga mlendoyo, niponya mlandu pa sing'anga wace. Inalamula anthu a pa cisumbu cacikuru kuti awawolotse Zambezi, popeza njira ya tsidya lija inali yaifupi ndi yosabvuta. Livingstone analibe mphatso yoyenera mfumu. Anali ndi masupuni awiri, natumiza imodzi pamodzi ndi malaya.

Pa 2 Marichi anagona mamailosi 8 kucokera ku Tete, atalefuka osakhoza kupitirira. Usiku womwewo anadzidzimuka pomva kuti kwafika asilikari. Koma anali atanyamula cakudya ndi macila, otumidwa ndi Major Sicard, mkuru wa Apwitikizi. Sicard anamsunga m'nyumba mwace, napatsa Akololo cakudya ndi malo olima. Livingstone anafika ku Quelimane pa 20 Meyi 1856, napita kwao. Akololo anamdikira ku Tete zaka zinai, ena nafa ndi nthomba, ndipo otsala amene anafuna kubwerera anawaperekeza kwao m'caka ca 1860.

M'caka ca 1859 anafika pa nyanja ya Malawi, ndipo m'caka ca 1862 mkazi wace anamwalira ku Shupanga. Pa ulendo wace wotsiriza anawolokanso Luangwa ca kumtunda, m'mwezi wa Disembala 1866. Atadwala kwambiri mu 1869, amene anamnyamula pa macila kunka naye ku nyanja ya Tanganyika anali Mluya, Mohamad Bogharib, mmodzi wa anthu omwewo amene Livingstone anali kutsutsa malonda ao a akapolo. Mu 1871 Henry Stanley anampeza ku Ujiji ali wosowa, namgawira mankhwala ndi nsaru.

Anamwalira pa 1 Meyi 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, m'dziko la Alala. Anyamata ace, Susi ndi Chuma, anayesa kubisa malirowo, poopa kuti mfumu idzawalipitsa kwambiri cifukwa ca mlendo wofera m'mudzi mwace. Chitambo anamva ndithu, koma anawauza kuti asaope, ndipo anadza ndi akazi ace ndi anthu ace, nalira maliro ndi ng'oma monga alirira munthu wamkuru. Mtima wace anauika pansi pa mtengo wa mpundu, ndipo mtembo anauumika pa dzuwa, naunyamula miyezi isanu ndi inai kufikira ku Bagamoyo. Anauika ku Westminster Abbey, mu London, pa 18 Epulo 1874.