Mbiri ya Alexander Whyte (1834–1908)

Alexander Whyte adabadwira ku Scotland mu 1834. Adafika m'dziko muno mu 1891, Harry Johnston atamulemba ntchito yofufuza zomera, nyama ndi mbalame. Chaka chomwecho adakwera phiri la Mulanje, n'chifukwa chake akatswiri amautcha mkungudza wa kumeneko Widdringtonia whytei.

Mu 1896 adakafika ku Nyika ndi kumapiri a Misuku, m'boma la Chitipa. Mbalame zomwe adasonkhanitsa adazitumiza ku London, ndipo mu 1897 katswiri wina, G. E. Shelley, adatcha imodzi mwa izo masukuensis, potengera dzina la Misuku. Whyte adamwalira mu 1908.

Ophunzira, dziwani kuti mbalameyi imadalira nkhalango za m'mapiri basi. Nkhalango ngati ya Mughese zikatha, kwathu kuno idzangotsala m'mabuku.