Learie Constantine: Katswiri wa Kiriketi Amene Anatengera Tsankho ku Bwalo la Milandu

Pa anthu akuda amene anatchuka ndi masewera m'maiko olamulidwa ndi Angerezi, ndi owerengeka amene angafanane ndi a Learie Constantine a ku Trinidad. Ulemu umene anaupata pa bwalo la masewera sanaudye okha ayi, koma anamenyera nawo nkhondo tsankho la khungu, kufikira kuti munthu amene makolo ake akale anali akapolo anakakhala pa mpando m'nyumba yaikulu ya malamulo ya ku Mangalande yotchedwa House of Lords.

A Constantine anabadwa pa 21 September 1901 ku Petit Valley, pafupi ndi Diego Martin, pa chilumba cha Trinidad. Atate awo, a Lebrun Constantine, anali kapitawo pa munda wa koko, ndiponso anali odziwa kiriketi, pakuti anapita kukasewera ku Mangalande mu 1900 ndi mu 1906. Amalume awo, a Victor Pascall, nawonso anali katswiri woponya mpira. Chotero mnyamatayo anaphunzira masewerawo pakhomo, m'manja mwa atate ndi amalume ake.

Kiriketi ndi masewera a anthu 11 mbali iliyonse. Woponya mpira amafuna kugwetsa timitengo titatu tozikidwa pansi, pamene womenya amatiteteza ndi thabwa, namathamanga akaumenya mpirawo kuti awerengedwe mapointi. Osewera ambiri amadziwa ntchito imodzi, koma a Constantine anadziwa zonse: kuponya mwaliwiro, kumenya mwamphamvu, ndi kuwakha mpira mwaluso lodabwitsa.

Atasiya sukulu mu 1917 analowa ukalaliki pa ofesi ya loya mu mzinda wa Port of Spain. Masiku amenewo munthu wakuda, ngakhale wanzeru chotani, sankayembekezera kukwera kwambiri pa ntchito yotere, pakuti malo apamwamba anali a Azungu ndi a khungu loyererako. Tsono iwo anaona kuti khomo lowatsegukira linali kiriketi basi. Anapita ku Mangalande ndi gulu la West Indies mu 1923, napitanso mu 1928, chaka chimene mbiri yawo inawanda. Posewera ndi gulu la Middlesex pa bwalo la Lord's ku London, anapeza mapointi 86 pa ulendo woyamba, natulutsa omenya 7, kenaka napeza mapointi 103 pa ola limodzi, ndipo anzawo amene anali pafupi kugonja anapambana. Chaka chomwecho West Indies inasewera mpikisano wake woyamba wa pakati pa maiko, wotchedwa Test, ndipo womenya woyamba kutulutsidwa anatulutsidwa ndi dzanja lawo. Mu 1930 ku Georgetown, pamene West Indies inagonjetsa Angerezi koyamba, iwo anatulutsa omenya 9.

Pa mipikisano ya Test 18 imene anasewera kufikira 1939, anapeza mapointi 635 natulutsa omenya 58. Ziwerengerozi n'zochepa poyerekeza ndi za akatswiri ena, koma khamu linkadzaza bwalo kudzaona iwowo. Ngakhale zinali tero, akuluakulu a masewera sanawasankhe kukhala mtsogoleri wa gulu la West Indies, pakuti udindowo unkasungidwira Azungu, ndipo mwambo woipawo unatha ndithu mu 1960 pamene a Frank Worrell anasankhidwa.

Mu 1929 a Constantine analembedwa ntchito yosewera ndi gulu la tauni ya Nelson m'chigawo cha Lancashire, tauni ya anthu oomba nsalu m'mafakitale. Poyamba iwo ndi akazi awo, mayi Norma, anakumana ndi maso odabwa ndi mawu achipongwe, koma anapirira kufikira tauni yonse inawayesa ake. Pa zaka 9 zimene anasewera kumeneko, gulu la Nelson linatenga chikho ka 7. M'nyumba yawo ndimo munafikira mlembi wotchuka C. L. R. James mu 1932, ndipo awiriwo ankakambirana za ufulu wodzilamulira wa zilumba za kwawo.

Nkhondo Yachiwiri itabuka, Boma la Mangalande linawalemba ntchito mu Unduna wa za Ntchito, kuti aziyang'anira umoyo wa antchito ochokera ku West Indies amene anadza kudzagwira m'mafakitale a ku Liverpool. Ankawafunira nyumba, namakambirana ndi mabwana ndi mabungwe a antchito amene ankakana anthu akuda. Ali pa ntchito yomweyo, mu 1943, anapita ku London ndi banja lawo kukasewera pa Lord's, atasungitsa kale malo ku Imperial Hotel. Atafika, oyang'anira hoteloyo anawauza kuti sangagone masiku onse amene anapangana, ati asilikali a ku America ogona momwemo angaipidwe ndi munthu wakuda, ndipo banjalo linasamukira ku Bedford Hotel.

Nthawi imeneyo ku Mangalande kunalibe lamulo loletsa tsankho la khungu. Chotero maloya awo anagwira lamulo lakalekale lakuti mwini nyumba ya alendo sayenera kubweza wapaulendo popanda chifukwa chomveka. Mlandu unazengedwa mu June 1944, ndipo woweruza, a Birkett, anagamula kuti hoteloyo inalakwa, nailamula kulipira mapaundi 5 ndi masheleni 5. Ndalamazo zinali zochepa, koma si ndalama zimene a Constantine ankafuna. Chachikulu chinali chakuti bwalo lalikulu la dzikolo linavomereza poyera kuti munthu wakuda walakwiridwa, ndipo mlanduwo umawerengedwa pakati pa zinthu zimene zinakonza njira ya lamulo loyamba loletsa tsankho la mu 1965.

Nkhondo itatha iwo sanapume. Mu 1945 anatsogolera gulu la osewera ochokera m'maiko osiyanasiyana a ufumu wa Angerezi, ambiri a iwo Azungu, nagonjetsa England pa Lord's. Mu 1947 anakhala mtsogoleri wa bungwe la League of Coloured Peoples. Mu 1950, pamene Boma la Mangalande linaletsa a Seretse Khama a ku Bechuanaland kukhala pa ufumu wa kwawo chifukwa chokwatira Mzungu, a Constantine anachititsa misonkhano yotsutsa chiweruzocho. Pakati pa zonsezo ankawerenga za malamulo, ndipo mu 1954, ali ndi zaka zoposa 50, anakhala loya. Chaka chomwecho anatulutsa buku lawo lonena za tsankho, lotchedwa Colour Bar.

Atabwerera ku Trinidad anathandiza a Eric Williams kukhazikitsa chipani cha People's National Movement, ndipo mu 1956 anasankhidwa kukhala phungu wa Tunapuna, napatsidwa unduna woyang'anira misewu, mtengatenga ndi ntchito za Boma. Mu 1961 anatumizidwa ku London kukaimira dziko lawo, ndipo mu 1962 Mfumukazi inawapatsa ulemu wa Sir. Koma mu 1963 kampani ya mabasi ya ku Bristol itakana kulemba ntchito anthu akuda, iwo anapita komweko nadzudzula mchitidwewo poyera. Ena anati kazembe sayenera kulowerera nkhani za dziko la eni, ndipo Boma lawo lomwe silinakondwere. Kampaniyo inagonja, koma iwo anatula pansi ukazembe mu 1964. Apa panali mafunso ovuta amene wantchito wa Boma aliyense angakumane nawo: kodi malire a udindo ali pati, nanga munthu achite chiyani pamene udindo ufuna kuti akhale chete koma chikumbumtima chikukana? A Constantine anasankha kulankhula, nalandira chotulukapo chake.

Pambuyo pake anakhala m'bungwe loyang'anira lamulo loletsa tsankho, lotchedwa Race Relations Board, ndi m'gulu la akuluakulu oyendetsa BBC. Ophunzira a pa yunivesite ya St Andrews ku Scotland anawasankha kukhala Rector wawo mu 1967. Mu 1969 analowa mu House of Lords, nakhala munthu wakuda woyamba kulandira ulemuwo, ndipo pa dzina lawo laulemu anaphatikiza Maraval ya ku Trinidad ndi Nelson, tauni ya oomba nsalu imene inawalandira.

Anamwalira ku London pa 1 July 1971 ndi nthenda ya mtima. Mtembo wawo unapita ku Trinidad, kumene Boma linawaika m'manda ku Arouca ndi mwambo wa dziko lonse, nawapatsa mendulo yaikulu ya Trinity Cross. Ku London nakonso kunachitika mapemphero owakumbukira mu Westminster Abbey, mu mzinda womwewo umene hotelo inawakaniza malo ogona zaka 28 m'mbuyomo.