Janusz Korczak, Mphunzitsi Amene Ankazengedwa Mlandu ndi Ana

Pamene ndinali kuyeserera ntchito ya uphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale, ndinapereka chibalo kwa mnyamata wa Fomu 2 amene sanalakwe. Ndikulemba pa bolodi, wina kumbuyo anaimba likhweru, kalasi yonse n'kufa nako kuseka. Nditatembenuka, maso anga anagwera pa mnyamata amene anali kumwetulirabe, ndipo ndinamutuma kukatchetcha udzu kuseri kwa zimbudzi anzake akuphunzira. Patapita masiku awiri ndinadziwa kuti woimba likhweru uja anali wina. Nditafunsira nzeru kwa mphunzitsi wina wamkulu msinkhu, anandilangiza kuti ndingozisiya, chifukwa mphunzitsi akapepesa kwa mwana, mawa lake ana amayamba kumuderera. Ndinamvera. Nkhani imeneyi yakhala ikundivuta mumtima, ndipo ndi imene yandichititsa kuti ndilembe za Janusz Korczak, dokotala ndiponso mphunzitsi wa ku Poland. Moyo wake ukukhudza funso limene ndinalizemba tsiku lija: kodi khalidwe la mphunzitsi limatsamira pa chiyani, pamene palibe amene angamufunse zimene wachita m'kalasi?

Dzina lake lenileni linali Henryk Goldszmit. Anabadwira mu mzinda wa Warsaw, m'banja la Chiyuda, m'chaka cha 1878 kapena 1879, pakuti bambo ake, amene anali loya, anachedwa kukalembetsa kubadwa kwake. Masiku amenewo mzindawu unali pansi pa ulamuliro wa Russia. Banjali linali lopeza bwino kufikira pamene bambowo anadwala matenda a maganizo, chuma n'kuthera pa matendawo. Atamwalira mu 1896, Henryk anayamba kuphunzitsa ana m'makomo mwa anthu kuti adyetse mayi ake ndi mlongo wake. Dzina loti Janusz Korczak analitenga mu 1898 polowa mpikisano wa alembi, ndipo linamukanirira moyo wake wonse. Anaphunzira udokotala pa yunivesite ya Warsaw, n'kugwira ntchito pa chipatala cha ana, ndiponso mu 1905 anatumizidwa kukasamalira asilikali pa nkhondo ya pakati pa Russia ndi Japan.

Mu 1912 anasiya ntchito ya kuchipatala kuti akayang'anire nyumba ya ana amasiye a Chiyuda yotchedwa Dom Sierot, pa msewu wa Krochmalna nambala 92. M'nyumbamo munkakhala ana pafupifupi 100. Sanali yekha. Mayi wina, Stefania Wilczyńska, ndiye ankayendetsa zonse za tsiku ndi tsiku, kuyambira chakudya, zovala, mpaka ana odwala usiku. Korczak sanakwatire ndipo sanabereke. Ankagona m'kachipinda ka pamwamba m'nyumba momwemo. Mu 1919 anathandizanso Maria Falska kukhazikitsa nyumba ina, Nasz Dom, ya ana a Chipolishi ochokera m'mabanja a anthu ogwira ntchito.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri pa nyumba zimenezi ndi bwalo la milandu la ana. Mwana aliyense amene walakwiridwa ankalemba dandaulo lake pa bolodi. Kamodzi pa sabata bwalo linkakhala, oweruza ali ana asanu osankhidwa mwa maere pakati pa amene analibe mlandu sabata imeneyo. Munthu wamkulu ankakhalapo ngati mlembi chabe. Bwalolo linali ndi buku la malamulo limene Korczak analemba. Ndime zoyamba, kuchokera pa 1 kufika pa 99, zinali zothetsa mlandu kapena zokhululuka, iliyonse ndi chifukwa chake: mwina wolakwayo sanadziwe, mwina anachita atapsa mtima, mwina walonjeza kusintha. Kuyambira pa ndime 100 zilango zinkakwera pang'onopang'ono, monga kulengeza chigamulo m'nyuzipepala ya panyumbapo kapena kudziwitsa achibale a mwanayo, kufikira ndime 1000 imene inali yomuchotsa panyumbapo. Mkwapulo munalibemo.

Zikanathera pamenepa, bwenzi tikunena kuti inali njira yochenjera yolamulira ana pogwiritsa ntchito ana anzawo, monga momwe ife timachitira ndi ma purifekiti. Koma bwaloli linali ndi mphamvu pa akuluakulu omwe. Mwana ankatha kusumira mphunzitsi, ndipo Korczak mwini anaonekera pamaso pa oweruza aang'onowo. Iye analemba kuti m'miyezi isanu ndi umodzi anakadzipereka yekha kubwalolo kasanu: chifukwa chomenya mnyamata khofi, chotulutsa mnyamata m'chipinda chogona, choimika mwana pakona, chonyoza woweruza, ndiponso chifukwa choganizira mtsikana wina kuti waba. Nditawerenga mndandanda umenewu ndinachita manyazi, pakuti zonsezi ndi zinthu zimene m'chipinda cha aphunzitsi sitiziwerengera n'komwe ngati milandu. Timangoti ndi ntchito.

Chifukwa chimene iye anapereka ndi chimene ndikuona kuti ndi phata la nkhani yonse. Anafotokoza kuti milandu yochepayi ndi imene inamuumba kukhala mphunzitsi wa mtundu wina, amene salakwira ana osati chifukwa choti amawakonda, koma chifukwa choti pali lamulo lowateteza ku nkhanza ndi zofuna za mphunzitsiyo. Poyamba maganizowa anandidabwitsa. Kwathu kuno timakula tikumva kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo m'maphunziro athu a uphunzitsi timauzidwa kuti mphunzitsi wabwino ndi wokonda ana. Sindikutsutsa zimenezo. Komabe ndikadzifufuza moona mtima, ndimapeza kuti chikondi changa chimasankha. Chimathamangira mwana wanzeru, waukhondo, woyankha msanga, n'kumulambalala wachibwibwi wokhala kumbuyo uja. Chimasinthanso ndi tsiku: malipiro akachedwa, kapena ndikachoka kunyumba titayambana, chimaphwa. Mnyamata ndinamutuma kukatchetcha uja sindinkadana naye. Ndinangochita manyazi kusekedwa, ndipo panalibe poti iye akadandaule. Korczak, amene ankakonda ana kuposa ambiri a ife, sanafune kuti chitetezo cha mwana chidalire mmene mtima wa mphunzitsi wadzukira.

Sindikunena kuti bwaloli linalibe mavuto. Ana ena ankasumirana pa tinkhani tachabechabe, ena ankalinyoza, ndipo nthawi ina linayamba laimitsidwa kuti likonzedwenso. Korczak sanabise zimenezi m'zolemba zake. Ndikudziwanso kuti mphunzitsi amene ali ndi kalasi yodzaza mpaka pakhomo, ena atakhala pansi, anganene kuti alibe nthawi yozenga milandu sabata iliyonse, ndipo sindingamutsutse. Koma kupepesa kwa mwana amene wamulanga molakwa sikufuna oweruza asanu.

Khalidwe lake linkaonekeranso pa zinthu zing'onozing'ono. Ankayeza kulemera kwa mwana aliyense sabata ndi sabata n'kumalemba. Ankameta ana, ndipo akatha kudya ankatolera nawo mbale, ngakhale ena ankaona kuti si ntchito yoyenera dokotala. Mwana wokonda ndewu kapena kutukwana sankamukakamiza kulumbira kuti wasiyiratu. Ankabetcherana naye kuti sabata ino achepetseko, kenaka achepetsenso. Ophunzira ake a uphunzitsi ankakumbukira tsiku limene anawatengera m'chipinda cha makina a X-ray atagwira dzanja la kamnyamata. Atazimitsa magetsi, onse anaona pa galasi kamtima ka mwanayo kakugunda mothamanga chifukwa cha mantha. Anawauza kuti azikumbukira chithunzi chimenecho asanakweze dzanja kapena mawu pa mwana, ndipo phunziro la tsikulo linathera pomwepo. Mu 1926 anayambitsa nyuzipepala yotchedwa Mały Przegląd, imene olemba ake anali ana, ndipo m'zaka za m'ma 1930 ankalankhula pa wailesi pansi pa dzina loti Dokotala Wokalamba. Buku lake la mu 1929 linali lonena za ufulu wa mwana wopatsidwa ulemu. N'zosadabwitsa kuti dziko la Poland ndi limene mu 1978 linapereka ganizo la pangano la United Nations la ufulu wa ana, limene linavomerezedwa mu 1989, ndipo Malawi analowamo mu 1991.

Asilikali a Germany analowa m'dziko la Poland pa 1 Seputembala 1939. Mu Novembala 1940 Ayuda a mu Warsaw, oposa 400,000, anatsekeredwa m'dera lozingidwa ndi khoma lotchedwa ghetto, ndipo nyumba ya ana amasiye inasamutsidwira komweko. Pa tsiku losamuka asilikali analanda ngolo ya mbatata ya kachewere ya anawo. Korczak anapita ku likulu la apolisi a Gestapo kukaiitanitsa, osavala n'komwe chizindikiro cha pamkono chimene Ayuda ankakakamizidwa kuvala. Anamumenya n'kumutsekera m'ndende ya Pawiak, ndipo anatuluka anzake atapereka ndalama. Kuchokera pamenepo ntchito yake yaikulu inali yopemphetsa. Munthu wa zaka zoposa 60, miyendo itatupa, ankayenda khomo ndi khomo ndi thumba kumsana kufunira chakudya ana amene tsopano anali pafupifupi 200. Anthu ankafa ndi njala ndi matenda m'misewu, koma m'nyumbamo maphunziro ndi dongosolo la tsiku ndi tsiku zinkapitirirabe. Kuyeza ana sikelo sanasiye, ngakhale manambala ankangotsika.

Pa 18 Julayi 1942 anawo anachita sewero la Rabindranath Tagore, mlembi wa ku India, lonena za mnyamata wodwala amene akumwalira atatsekeredwa m'chipinda. Patangopita masiku anayi, pa 22 Julayi, Ajeremani anayamba kutumiza anthu a mu ghetto ku msasa wopherako anthu wa Treblinka. Abwenzi ake a kunja kwa khoma, kuphatikizapo Igor Newerly amene anagwirapo naye ntchito, anayesetsa kumutulutsa kuti akabisale, koma iye anakana. Alipo amene amafunsa ngati sikukanakhala bwino kuwamwaza anawo kuti mwina ena apulumuke. Funsoli si lopusa, koma tiyenera kukumbukira kuti chilango cha wobisa Myuda m'dzikomo chinali imfa, ndipo malo obisa ana 200 panalibe. Chimene chinali m'manja mwake chinali chimodzi chokha, kukhala nawo kapena kuwasiya.

Anthu ambiri amamudziwa Korczak chifukwa cha tsiku lomalizalo, ndipo amalifotokoza ngati kulimba mtima kwadzidzidzi. Ine sindiliona choncho. Munthu amene kwa zaka 30 anakana kukhala ndi lamulo lakelake losiyana ndi la ana, pa khofi ndi pa mbale zakuda zomwe, zikanakhala zachilendo kuti pa tsiku limenelo alandire khomo lotulukira limene anawo analibe.

Kumayambiriro kwa Ogasiti 1942 asilikali anafika panyumbapo m'mawa. Anawo anafola m'mizere, n'kuyenda m'misewu ya mu ghetto kupita pamalo okwerera sitima otchedwa Umschlagplatz, Korczak ali patsogolo. Gulu lina linkatsogozedwa ndi Stefania Wilczyńska, amene mu 1938 anali atasamukira ku Palestine, koma n'kubwerera ku Warsaw mu 1939 nkhondo ili pafupi. Antchito ena a panyumbapo anakwera nawo mabogi omwewo. Onse anaphedwa ku Treblinka. Pamalopo pali miyala pafupifupi 17,000 ya chikumbutso, ina yolembedwa mayina a mizinda ndi midzi kumene ophedwawo ankachokera. Mu 1978 anaikapo mwala wolembedwa dzina la Janusz Korczak pamodzi ndi dzina lake lobadwa nalo, ndipo pansi pake pali mawu onena za ana aja, popanda mayina awo.