Denis Burkitt, Dokotala wa Diso Limodzi Amene Anasaka Khansa ndi Galimoto Yakutha

Ku wodi ya ana odwala khansa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, dzina lakuti Burkitt silichoka pakamwa pa madokotala. Ndi dzina la khansa imene imatupitsa nsagwada kapena mimba ya mwana mofulumira zedi. Komatu lisanakhale la matenda, linali la munthu.

Denis Burkitt anabadwa mu 1911 ku Enniskillen, ku Ireland. Ali ndi zaka 11 diso lake lakumanja linawonongeka pa ngozi, moti moyo wake wonse ankaona ndi limodzi. Ku Trinity College ku Dublin anayamba ndi uinjiniya, kenako n'kusinthira ku udokotala. Mu 1946 anapita kukagwira ntchito ku Uganda ngati dokotala wa maopaleshoni.

Mu 1957, pa chipatala cha Mulago ku Kampala, mnzake wina anamuitana kuti adzaone kamnyamata kotupa nsagwada mbali zonse. Pasanapite nthawi anaonanso mwana wina wotupa chimodzimodzi ku Jinja. Wina akanangoti zangochitika, basi. Iyeyu ayi. Anakafukula mafayilo akale a odwala, ndipo mu 1958 analemba za ana 38 mu British Journal of Surgery. Akuluakulu a zachipatala sanaitengere kumtima nkhaniyo.

Apa ndi pamene ndimamusirira mkuluyu. Analibe labu yapamwamba, ndalama zinalinso zapendapenda. Anasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi za ana odwalawo n'kutitumiza kuzipatala za boma ndi za mishoni mu Africa muno, kufunsa ngati anaonapo chotupa chotere. Yankho lililonse ankaliika chizindikiro pa mapu. Mapuwo ataonetsa kuti matendawa ali ndi malire, anaganiza zokaona malirewo ndi diso lake limodzi lomwelo. Chakumapeto kwa 1961, iye ndi madokotala anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anakwera Ford yakale n'kuyenda makilomita pafupifupi 16,000 m'milungu 10, kulowa m'zipatala zoposa 50. Kuno kwathu anafikanso, nthawi imeneyo tikutchedwa Nyasaland. Taganizani misewu ya 1961!

Zimene anapeza n'zoti a Geography angakondwe nazo. Chotupachi chinkapezeka m'madera otsika, otentha, a mvula yokwanira, monga m'mphepete mwa nyanja. Kumapiri kozizira ndi kumalo ouma kwambiri chinali chosowa. Nanga khansa imadziwa bwanji kutentha ndi mvula? Yoti imadziwa zimenezo ndi udzudzu. Ndiye Burkitt ndi anzake anaganiza kuti pali vayirasi ina imene udzudzu ukufalitsa.

Chaka chomwecho cha 1961, ulendowu usanachitike, Burkitt anakamba za matendawa pa chipatala cha Middlesex ku London. Pakati pa omvera panali Anthony Epstein, amene anapempha kuti azimutumizira tizidutswa ta zotupazo pa ndege kuchokera ku Kampala. Zaka zinadutsa osapeza kanthu. Mu 1964, Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anaiona vayirasiyo, imene lero imatchedwa Epstein-Barr. Inali vayirasi yoyamba kudziwika kuti ingayambitse khansa mwa munthu.

Koma pa udzudzu paja Burkitt anaphonya pang'ono. Vayirasiyi imafala kudzera m'malovu, ndipo pafupifupi munthu wamkulu aliyense padziko ali nayo, mwina inunso amene mukuwerenganu, koma siikuvutani. Udzudzu unali ndi mlandu wina: malungo. Mwana akamadwala malungo mobwerezabwereza, chitetezo cha m'thupi chimasokonekera, vayirasi ija n'kupeza mpata. Mapu ake analoza malo oyenera ngakhale chifukwa chimene iye ankaganiza poyamba sichinali chenichenicho, ndipo iye mwini anadzavomereza mfundo ya malungoyi.

Sanangothera pa kuwerenga odwala. Anapempha mankhwala kumakampani, monga methotrexate ndi cyclophosphamide, n'kuwayesa pa ana a ku Mulago. Zotupa zikuluzikulu zinkaphwa m'masiku ochepa, ena n'kuchiriratu. Pa nthawiyo, kumva kuti khansa yachira ndi mankhwala okha, opanda mpeni, zinali zachilendo kwambiri. Cyclophosphamide yemweyo akugwirabe ntchito pa khansayi mpaka pano.

Mu 1966 anabwerera ku Britain n'kuyamba funso lina: bwanji khansa ya m'matumbo inali yochuluka kwa azungu koma yosowa kumidzi ya mu Africa? Iye anati nkhani ndi chakudya, kuti azungu ankadya zoyeretsedwa kwambiri, zochotsedwa madeya. Kunena mwachidule, mzungu ameneyu akanakhala kumbali ya mgaiwa, osati ufa woyera. Mu 1972 analandira mphoto ya Lasker ya ku America chifukwa cha ntchito yake pa khansa ya ana ija. Anamwalira ku England pa 23 Malichi 1993, ali ndi zaka 82.